Mwana wanga wa zaka 6 akufuna njinga yamoto yam'tchire: ndiyambire pati?

Funso: Ndimakhala pa puloti ina kunja kwa Johannesburg komwe ndimagwira ntchito. Ana a eni puloti amakwera tinjinga tamoto tam'tchire, ndiye mwana wanga wamwamuna wa zaka 6 sakundipatsa mtendere, akuti naye akufuna. Mlongo wake wa zaka 4 salolanso kutsala. Ine njinga yamoto ndimaidziwa, ndinachitako kabaza ku Lilongwe zaka zitatu. Mayi awo akukanitsitsa, akuti ndikufuna kuwavulaza anawa. Kodi msinkhu umenewu ndi woyenera? Ndigule njinga yotani, ndipo ndiwaphunzitse bwanji kuti tizikwera limodzi ngati banja? — Bambo wa ana awiri, Gauteng

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi mayi a anawo, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Mwana wokwera njinga yamoto adzagwa, osati kamodzi. Ndakhala ndikuphunzitsa ana masewerawa kwa zaka zambiri ndipo sindinaonepo ngakhale mmodzi amene anaphunzira osalawako dothi. Chimene inu mungachite ndi kusankha kuti azigwera pati, pa liwiro lotani, atavala chiyani, ndipo pafupi pali ndani. Ngati mayi sanavomere, musagule njingayo mobisa n'kubwera nayo ngati mphatso yodzidzimutsa. Mwana amene amamva makolo akukangana chifukwa cha kukwera kwake amayamba kubisa akagwa, ndipo kuvulala kobisidwa ndiko kumene ndimakuopa kwambiri. Atengeni mayi mukaone limodzi komwe ana ena akuphunzira, afunse okha mafunso awo, agwire zovala zodzitetezera ndi manja awo. Akavomera, muwapatse mphamvu yeniyeni: iwo akanena kuti lero zakwana, zakwanadi, ngakhale inu mukuona kuti mwana akanapitiriza.

Za ukabaza wanu: zikuthandizani pa kusamalira injini, koma pa kuphunzitsa mwana muyenera kuiwalako zina. Pamsewu wa tala munazolowera kukhala pachishalo nthawi zonse, kunyamula munthu kumbuyo, ndi kudutsa m'mipata yothina. M'tchire munthu amaima pa zopondera nthawi yambiri, amakwera yekha, ndipo njinga imaterereka pansi pake mwadala. Choopsa china n'chakuti munthu amene njinga inamulowa m'magazi amaiwala momwe tsiku loyamba linalili. Zimene inu mumachita osaganiza, mwana ayenera kuziganizira chimodzichimodzi.

Msinkhu pawokha suyankha funso lanu. Ine ndimayang'ana zinthu izi. Kodi mnyamatayo amapalasa njinga yakapalasa popanda timatayala tothandizira ta m'mbali? Kodi amaima ndi mabuleki a m'manja, kapena amakhwekhwereza mapazi pansi? Ndipo mukakuwa kuti "ima!" ali pakati posewera, amaima nthawi yomweyo kapena amayamba wamaliza zake? Chachitatuchi ndicho chachikulu. Mwana wa zaka 6 amene akukwanitsa zonsezi akhoza kuyamba. Wa zaka 8 amene samva mawu a kholo akasangalala, ayembekeze kaye.

Mtsikana wa zaka 4 ndingamudikiritse pa injini, koma osamusiya kunja. Mugulireni kanjinga kopanda mapedulo, kamene mwana amakankha ndi mapazi, kenaka njinga yakapalasa. Apo ndipo amaphunzira kusapendekeka ndi kukhota. Pali tinjinga ta batire ta ana ang'ono, monga ta STACYC ndi ta OSET, topepuka, topanda paipi yotentha, ndipo liwiro lake kholo limatha kulichepetsa. Mtengo wake ndi wokwera, koma ngati mungakapeze kogwiritsidwapo kale ntchito, ndi mlatho wabwino. Chimene sindivomereza ndi kumangirira timatayala ta m'mbali pa njinga yamoto. Mwana amazolowera kukhota osapendeketsa njinga, ndipo tsiku lochotsa timatayalato amayambiranso pachiyambi ali ndi chizolowezi cholakwika. M'mera mpoyamba.

Tibwere pa njinga ya mnyamata. Lamulo langa ndi limodzi: akakhala pachishalo atavala jombo, mapazi onse awiri afike pansi, ndipo njinga ikagwa athe kuidzutsa yekha kapena mothandizidwa pang'ono. Makolo athu amakonda kugula chachikulu kuti mwana akuliremo, monga timachitira ndi yunifolomu ya sukulu. Pa nsapato zilibe kanthu, pa njinga yamoto zimathyola mkono.

Njinga ziwiri zimene ana ambiri padziko lonse ayambirapo ndi Yamaha PW50 ndi Honda CRF50F. PW50 yakhala ikupangidwa kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Chishalo chake chili pafupifupi masentimita 48 kuchokera pansi, imalemera pafupifupi makilogalamu 40, ilibe magiya osintha, ndipo mabuleki onse awiri ali m'manja monga pa njinga yakapalasa. Ilibenso tcheni, tayala lakumbuyo limayendetsedwa ndi shafti yotsekeredwa m'kati, choncho palibe poti zala za mwana zipanidwe. Injini yake ndi ya two-stroke, mtundu umene umawotcha petulo pamodzi ndi oyilo, koma oyiloyo amathiridwa m'kathanki kakekake, simusakaniza ndi petulo. Opanga ake amati wokwera asapitirire makilogalamu 25, ndiye muyezeni mwanayo musanagule. CRF50F ndi yayitaliko, pafupifupi masentimita 55, yolemera pafupifupi makilogalamu 50, ya four-stroke (injini yosawotcha oyilo pamodzi ndi petulo), ili ndi magiya atatu koma yopanda kilatchi ya m'manja, ndipo buleki yakumbuyo ndi ya phazi. Imakhalitsa ndi mwana amene akukula msanga, koma imamupatsa zambiri zoti aganize tsiku loyamba. Kwa mwana wa zaka 6 wa thupi laling'ono, ine ndingasankhe PW50.

Mudzaonanso KTM 50 SX, Husqvarna TC 50 ndi zina zofanana nazo. Nazonso zalembedwa 50, koma musapusitsike ndi nambalayo. Zimenezo ndi njinga za mpikisano. Zimadzuka mwaukali ndipo zimafuna kukonzedwa pafupipafupi. Si zoyambira. Ndipo wina akakuuzani kuti quad ya matayala anayi ndiyo yotetezeka chifukwa siigwa, musamvere. Quad ikagubuduzika imamugwera mwana ndi kulemera kwake konse. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, limalangiza kuti ana osakwana zaka 16 asamayendetse ma quad.

Njinga mukhoza kugula yakale, bola muone mabuleki, matayala, ndiponso kuti chokokera moto chikubwerera chokha mukachisiya. Koma helmet ikhale yatsopano. Pano pokha kaunjika ayi. Chimene chimateteza ubongo ndi chinkhupule cholimba cha m'kati, ndipo chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso, ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Yezani mutu wa mwana ndi tepi ya telala, pamwamba pang'ono pa nsidze, mugule ya ana yotchinga chibwano, yokhala ndi chizindikiro chosonyeza kuti inayesedwa chitetezo chake, cha ECE 22.05, ECE 22.06 kapena DOT. Ikhale yogwira masaya. Mwana akapukusa mutu isagwedezeke payokha. Helmet yanu ya akuluakulu musamubwereke: ndi yolemera pa khosi lake ndipo ikhoza kuvuka pogwa. Ya njinga yakapalasa nayo siikwanira.

Pambuyo pa helmet pabwere jombo zazitali zolimba zofika pansi pa bondo, magalasi otchinga fumbi, magolovesi, zotetezera mawondo ndi zigongono, chotetezera pachifuwa ndi kumsana, buluku lalitali ndi malaya a manja aatali. Ndalama zikachepa, gulani zovala kaye, njinga ibwere mwezi wina. Ndipo tsiku lomwelo njinga ikafika pakhomo, musonyezeni paipi ya utsi, ayandikize dzanja amve kutentha kwake osaigwira. Ana ambiri amene ndawaona ndi zipsera pa katumba sanapse akukwera. Anapsa atatsika, atavala kabudula, akuionetsa njinga kwa anzawo.

Malo: bwalo lathyathyathya, lalikulu ngati theka la bwalo la mpira, la dothi louma kapena kapinga wamfupi. Pasakhale waya wa mpanda, mitengo, galimoto yoimikidwa, dzenje, kapena agalu. Pemphani chilolezo kwa eni puloti, ndipo tsiku loyamba ana awo asakhalepo, chifukwa mwana akamaonereredwa ndi anzake odziwa kale amafuna kuonetsa zimene alibe. Pamsewu, ngakhale wafumbi wa pakati pa mapuloti, njingazi siziloledwa ndipo mwana alibe laisensi.

Tsopano tsiku loyamba, ndipo pano ndichedwepo, chifukwa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa. Phunziro loyamba ndi kuima. Injini isalire n'komwe. Mwana avale zonse, akhale panjinga, inu muzimukankha kumbuyo, ndipo mukati "ima!" agwire mabuleki, aponde pansi. Bwerezani kakhumi, kakhumi ndi kasanu. Jambulani mzere pansi ndi kamtengo, aziima tayala lakutsogolo lili pamzerewo. Kenaka musonyezeni batani lozimitsira injini, azilipeza ndi chala maso ali kutsogolo. Mugonetseni njinga pansi aidzutse. Ana ena amanyong'onyeka, amafunsa kuti tiliza liti. Muuzeni zoona: tiliza ukaima pamzere kasanu motsatizana. Mwana amakonda chinthu chimene angachiwerenge.

Musanalize, fufuzani kabawuti kochepetsera moto. PW50 ndi CRF50F zonse zili nako pafupi ndi chokokera moto kudzanja lamanja. Mukakalowetsa m'kati, mwana ngakhale apotokole mpaka kumapeto, njinga imayenda pa liwiro loti inu mukhoza kuipeza mukuthamanga pang'ono. Yambirani pamenepo. PW50 ilinso ndi switch ya malo atatu: pa START injini imalira koma siikoka, pa RUN ndi pamene imayenda. Muphunzitseni kuti pa RUN amaika yekha, atakhala bwino, manja onse ali pa mahandulo.

Chifukwa chimene ndikulimbikira kabawutika ndi ichi. Njinga ikadzuka modzidzimutsa, thupi la mwana limatsalira kumbuyo. Mwamantha amagwiritsa mahandulo, ndipo pogwiritsapo dzanja lamanja limapotokola chokokera moto mopitiriza. Njinga imawonjezera liwiro, iye amatsalira kumbuyo koposa, dzanja limapotokolanso. Zonsezi zimachitika m'masekondi awiri kapena atatu, ndipo zimathera pa mpanda. Mwanayo sakuchita mwano, ndipo kukuwa kwanu sakukumva. Mankhwala ake ndi kakhalidwe ka thupi: akhale kutsogolo kwa chishalo pafupi ndi thanki, zigongono zitukuke m'mbali, mfundo ya dzanja lamanja ikhale yowongoka, isakwere pamwamba pa chogwirira. Dzanja likayambira pamwamba, kutsetsereka kulikonse kumakoka moto. Ndipo azolowere mawu amodzi okha: "siya moto". Osati ziganizo zazitali. Kholo likachita mantha limalankhula zambiri, mwana samva kalikonse.

Ulendo woyamba ukhale wa mamita khumi, mzere wowongoka. Inu muime kumbuyo mutagwira chishalo, mayi aime kutsogolo chapambali, osati pakati pa njira. Mwana akoke moto pang'ono, asiye, agwire mabuleki, aime pamzere. Mumutembenuzire njinga, abwerere. Tsiku limenelo inu simukwera njinga yanu. Muli wapansi, mukuthamanga pambali pake, ndipo mudzakhala wapansi milungu ingapo. Mphindi 15 kapena 20 zakwana. Lekezani iye akadafunabe. Ngozi zambiri zimene ndaziona zachitika pa ulendo wotsiriza uja umene mwana wotopa amapempha kuti "kamodzi kokha", kholo n'kulola. M'chilimwe cha ku Gauteng, mwana wovala zonsezi amatentha msanga ndipo sanena. Mumwetseni madzi nthawi iliyonse akaima, ndipo mitambo ya mabingu ya masana ikayamba kusonkhana, chokani pabwalo.

Akadziwa kuima, mubweretse kukhota. Dzazani mchenga m'mabotolo apulasitiki awiri, muwaike motalikirana mamita 15, azizungulira mbali imodzi, kenaka mbali inayo, pambuyo pake azilemba nambala 8. Chinsinsi cha kukhota chili m'maso. Njinga imapita kumene wokwera akuyang'ana. Mwana akaona mwala n'kuuyang'anitsitsa, amaugunda ndithu. Choncho musamuuze kuti "samala mtengo uwo", chifukwa mwamuonetsa mtengowo. Imani komwe mukufuna apite, muziti "yang'ana ine". Buleki yakutsogolo aiphunzire msanga, moifinya pang'onopang'ono monga akufinya ndimu, njinga ili yowongoka. Ana amene amauzidwa kuti buleki yakutsogolo imagwetsa amakula akuiopa, pomwe ndiyo imaimitsa njinga kwenikweni. Kuima pa zopondera, mawondo atapana njinga, kubwere akayamba kudutsa pa timabampu. Kabawuti kaja muzikamasula pang'ono pang'ono, theka la kuzungulira, pokhapokha mwaona kuti akuima pomwe wauzidwa nthawi zonse. Kulumpha muiwale kaye chaka chino.

Akagwa, zimitsani injini, muichotse njinga pa iye ngati yamupsinja, koma musamudzutse mothamanga. Mufunseni pomwe pakupweteka. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti manja kapena miyendo yachita dzanzi, musamusunthe ndipo musamuvule helmet, itanani ambulansi. Ngati wamenyetsa mutu ndipo akusanza, akuwodzera, akuona chizungulire, akufunsa funso lomwelo mobwereza, kapena sakukumbukira chimene chachitika, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asakwerenso mpaka dokotala atalola. Pali kuvulala kwina kumene makolo sakudziwa: nsonga ya handulo ikamubaya pamimba, kunja kumangooneka kachizindikiro kozungulira, koma m'kati kapamba kapena chiwindi zikhoza kukhala zikutaya magazi, ndipo ululu umadza patapita maola. Mimba ikayamba kupweteka usiku umenewo, musadikire kuche. Mkono wotupa pafupi ndi dzanja nawo ukajambulidwe, chifukwa mafupa a mwana amakulira kunsonga kwake ndipo kuthyoka kwa pamenepo sikuoneka ndi maso.

Nthawi zambiri, komabe, kugwa kwake kudzakhala kwa fumbi ndi misozi basi. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi, bambo. Musamuuze kuti mwamuna salira, ndipo musamukweze mokakamiza. Ndinaonapo mnyamata wa luso lenileni amene anasiyiratu kukwera ali ndi zaka 7, chifukwa bambo ake ankaima pakona ndi wotchi, n'kumamukalipira m'galimoto ulendo wonse wobwerera kunyumba. Mwanayo ankayamba kudwala m'mimba Loweruka lililonse m'mawa. Zinandipweteka, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti sindinawalankhule bambo aja msanga. Mwana akati lero sindikufuna, njinga ilowe m'nyumba. Ndalama zimene mwawononga si ngongole yake.

Kukwera limodzi ngati banja kudzafika, mwina pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mwana azikhala kutsogolo panjira imene akuidziwa, inu kumbuyo motalikira ndithu, chifukwa akagwa mwadzidzidzi njinga yanu yayikulu isamukwere. Mukatsogola inu, adzayesa kukupezani pa liwiro lanu. Ana onse awiri akadzayamba kukwera, pabwalo pazikhala njira imodzi yozungulira, onse kulowera mbali imodzi. Kugundana maso ndi maso kwa ana a mimba imodzi kuseri kwa nyumba ndi ngozi imene imabwerezeka kwambiri. Mtsikanayo musamukweze pa thanki ya njinga yanu, ngakhale tonse tinakula tikuona ana akunyamulidwa choncho. Ndipo inunso muzivala zonse nthawi iliyonse, ngakhale pongoyesa injini. Mukakwera mutu uli pamtunda kamodzi kokha, mwana waona.

Banja silikwera lokha ayi, limatsukanso. Mnyamata azitsuka njinga yake injini itazizira, aziona nanu mpweya wa m'matayala, azitseka kampopi ka petulo. Fyuluta ya mpweya muzitsuka pafupipafupi chifukwa fumbi ndilo limapha tiinjini timeneti. Mtsikana apatsidwe ntchito yoika mabotolo ndi kukweza mbendera yoimitsa. Petulo ndi kiyi zikhale kwa akuluakulu. PW50 ilibe kiyi, choncho muimange ndi loko, kuti pasakhale kukwera inu kapena mayi kulibe.

Mtsikanayo akadzafika msinkhu, mumupatse mwayi wofanana ndi mchimwene wake. Tanya Muzinda wa ku Zimbabwe anayamba kukwera ali ndi zaka 5 ndipo anadzapikisana mpaka kunja kwa Africa. Dziko limene mukukhalalo latulutsa akatswiri a dziko lonse pa motocross, mpikisano wa njinga zamoto pa bwalo la dothi: Greg Albertyn mu 1992, 1993 ndi 1994, Grant Langston mu 2000, Tyla Rattray mu 2008. Choncho makalabu ndi aphunzitsi alipo, ndipo mipikisano yovomerezeka ndi bungwe loyang'anira masewerawa la Motorsport South Africa ili ndi magulu a ana a njinga za 50cc. Ngakhale musakhale ndi cholinga cha mpikisano, ndikulangizani kuti mulipire mphunzitsi wa ana kamodzi kapena kawiri. Mwana amamva kwa mlendo zimene amakana kwa bambo ake, ndipo inunso mudzatolapo kanthu.

Ngati mudzaganize zopita nayo njingayo kumudzi pa tchuthi cha Disembala, lingalirani kawiri. Kumakhala mvula, dothi lofiira limaterera ngati sopo, ndipo ana a mudzi wonse adzathamangira pabwalo, aliyense akufuna kulawa, helmet ili imodzi. Kukaniza ana a achimwene anu n'kovuta, ndikudziwa, koma kuwalola opanda zovala n'koopsa, ndipo chipatala chojambula mafupa chikhoza kukhala kutali. Ine ndingaisiye ku Johannesburg, n'kunyamula njinga yakapalasa imene onse angabwerekane.

Loweruka likubwerali, musanapite kukaona njinga iliyonse, mutengeni mnyamatayo ndi njinga yake yakapalasa, mayi ali pomwepo, mujambule mzere pansi. Akaima pamzerewo kasanu motsatizana ndi mabuleki a m'manja, yezani mutu wake ndi tepi mukayambe ndi helmet.